Belu la Njinga ya Adada

1. Njinga ya kuseri kwa nyumba

Njinga ya a Kenani inali itatsamira khoma la kuseri chiyambire pamene maso awo anazima ndi matenda a shuga. Inali yakuda, yaitali, ya mabuleki a zitsulo, mtundu uja mumangouona pa zithunzi za maukwati akale. Akangaude anali atamanga nyumba m'masipoko, ndipo nkhuku ya eni malo inkaikira mazira pansi pake popanda woiletsa.

Mwana wawo Chitemwa, mtsikana wa Fomu 3, ankaidutsa njingayo ngati sakuidziwa. Koma ankaidziwa bwino lomwe. Kale, banjali likukhala ku Area 11 m'nyumba ya boma, a Kenani ankapita pa njinga imeneyi kuntchito ku Capital Hill, tayi ili pakhosi, miyendo ya buluku ataipana ndi timapini. Anzawo a magalimoto ankawaseka, iwo n'kumangowalizira belu. Madzulo akafika pangodya ya msewu wa kwawo ankaliza belulo kawiri, ndipo Chitemwa ankataya chilichonse chimene chili m'manja n'kuthamangira kugeti. Ankamunyamula n'kumukhazika pa keliyala, n'kumalizira limodzi kaulendo kotsalako.

Belu limenelo silinali lamasewera. Linali lamkuwa, lolemera, la mawu okhuthala amene ankamveka mpaka kuseri kwa mipanda. A Kenani anachoka nalo kwawo ku Rumphi ali mnyamata, ndipo njinga itafuna zitsulo zatsopano kangati konse, belu lokha silinasinthidwepo.

Zonsezo zinapita. A Kenani atapuma ntchito, nyumba ya boma inabwerera kwa eni ake, ndipo banjalo linasamukira m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya munthu wina ku Area 47. Sukulu ya Chitemwa inatsala kutsidya kwa mtsinje wa Lingadzi, cha ku City Centre. Mtengo wa minibasi unkangokwera, ndipo mayi ake, a Alinesi, anafika potopa.

Tchuthi chili pafupi kutha, azakhali a Sophia anaimba foni kuchokera ku Rumphi. Anati mwanayo apite akakhale nawo, kumeneko sukulu ili pafupi, ya ulendo wapansi. A Alinesi anaona kuti ndi nzeru. Chitemwa analira osabisa. Ndiye ankawerengera bambo ake Baibulo m'mawa, ndiye ankawagwira dzanja popita kutchalitchi, ndiyenso ankawauza ngati malaya avala mozondoka. Kuwasiya kunali kumuwawa kuposa chilichonse.

A Kenani anamvetsera zonsezo ali pa mpando wawo wa pakhonde, kenako anangoti njinga ilipo.

A Alinesi sanatsutse, koma anaika malire. Anati apereka ndalama za mtedza umene anakolola kumudzi ku Mitundu, ndipo sipadzakhalanso zowonjezera. Njingayo ikonzedwe sukulu isanatsegulidwe Lolemba, ndipo bambo ake aiyese okha ndi manja. Akaipeza ndi vuto loti lingavulaze mwana pamsewu, Chitemwa akwera basi ya kumpoto.

2. Malangizo a pakhonde

Loweruka m'mawa Chitemwa anaitulutsa njinga ija n'kuipukuta. Bambo ake anamuuza kuti aiimike pafupi ndi mpando, ndipo anaisisita kuyambira kumahandulo mpaka kukeliyala, ngati munthu wopatsa moni mnzake wakale. Atafika pa belu analiliza kamodzi, n'kumwetulira.

"Tamvera, mwana wane," anatero. "Kumsika kuli zinthu zambiri zonyezimira, ndipo wogulitsa aliyense akuuza kuti chake ndiye chabwino. Usakangane naye, ndi ntchito yake. Iwe uyambe ndi chimene chimaimitsa njinga. Njinga ikakana kuyenda ungochedwa kusukulu, koma ikakana kuima pa mtsetse wa ku Lingadzi tidzakutenga kuchipatala. Ugule malabala a mabuleki, onse anayi, ndipo uwatsine ndi chikhadabo. Akhale ofewa pang'ono. Ouma aja amangolira, sagwira. Ukatero ubwere pa zimene zimagunda pansi, matayala ndi machubu. Usatenge otsika mtengo kwambiri onunkha pulasitiki aja, dzuwa la Okutobala limawang'amba. Usatengenso odula a anthu a mipikisano, iwe sukuthamangitsana ndi munthu. Tenga apakati, uwapinde m'mbali, uone ngati sakuonetsa ming'alu. Kenako tcheni ndi girizi. Utoto, timagalasi ndi zokongoletsa zina, zimenezo n'za chaka chamawa."

Kenako anagogoda limu la wilo lakutsogolo ndi chala.

"Malimu awa usawasinthe, yayi. Achita dzimbiri, koma ndi chitsulo chenicheni, ndipo mabuleki a njinga iyi anapangidwira malimu amenewa. Waona kuti ndi otambalala? Malabala amagwira m'mimba mwake umu, pambali pa masipoko. Angowapala dzimbirilo n'kumangitsa masipoko, basi. Upite kwa a Chikaonda, pansi pa mtengo wa mkuyu pafupi ndi mlatho wa mtauni. Ukawauze kuti ndiwe mwana wa Kenani wa belu. Akakuthandiza kusankha."

Chitemwa ankagwedeza mutu, kuiwala kuti akugwedezera munthu wosaona. Kunena zoona, theka la mawuwo linalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Maganizo ake anali pa geti la sukulu, pomwe anzake adzaime n'kumufunsa kuti njinga ya abusa waitenga kuti.

3. Pamene panali mkuyu

Matayala anali ophwa, choncho ulendo wonse unali wokankha. Anatuluka mu Area 47, nadutsa m'mbali mwa Area 15, njinga ikulira kwiii kwiii ngati ikudandaula kuti aidzutsiranji. Msewu umenewu ankaudziwa ali pa keliyala, atagwira lamba wa bambo ake. Nthawi imeneyo munali mitengo mbali zonse, ndipo bambo ake ankamutchulira dzina la mtengo uliwonse. Tsopano msewu anaukuza, mitengo anaidula, ndipo dzuwa linkamenya pamutu popanda chotchinga.

Atafika mtauni anaufuna mkuyu uja pafupi ndi mlatho, koma anangopeza chitsa. Pachitsapo panali patakhala mnyamata wogulitsa makava a mafoni. Mayi wina wogulitsa nthochi pambali pake, a Naphiri, ndiye anawakumbukira a Chikaonda. Anati mkuluyo anabwerera kumudzi zaka zapitazo, miyendo itayamba kuvuta, ndipo sanamvenso za iye. Anamulozera kumsika, ku mzere wa ogulitsa zipangizo za njinga.

Chitemwa anaima kanthawi akuyang'ana chitsacho. Anamva chisoni, osati chifukwa cha a Chikaonda amene sankawakumbukira n'komwe, koma chifukwa cha bambo ake, amene m'mutu mwawo mkuyuwo unali ukadali chiimire ndi mthunzi wake. Anazindikiranso kuti tsopano wosankha ndi iye yekha.

4. Malimu ofiira

Ku mzere wa njinga kunali phokoso la nyundo ndi fungo la girizi. Matayala anali lendelende m'madenga, matcheni ali m'mabeseni, ndipo panali milu ya zipangizo za kaunjika zochotsedwa ku njinga zakunja. Asanasankhe benchi, benchi inamusankha. Mnyamata wina wa ovolosi yabuluu, dzina lake Clifton, anali atagwira kale handulo.

Clifton sanali wakuba. Anali wamalonda, ndipo pakamwa pake panali pothira mafuta. Anaiyamikira njingayo kuti felemu yake ndi ya chitsulo chimene sichipezekanso, kenako anapukusa mutu poyang'ana malimu. Anati mtsikana wooneka bwino ngati iye sangayende pa mawilo a agogo. Analowa mkati n'kutulutsa mawilo awiri a kaunjika, a malimu ofiira, opyapyala, opepuka moti unkatha kuwanyamula ndi chala chimodzi. Matayala anali pomwepo kale. Anati akasiya mawilo akalewo n'kuwonjezera ndalama zimene wabwera nazo, nkhani yatha.

Chitemwa anawayang'ana malimuwo, ndipo anaona geti la sukulu, anzake atatsegula pakamwa. Mawu a pakhonde aja anamveka patali kwambiri. Anavomera.

Ntchito inali yaikulu, chifukwa manati anali atagwirana ndi dzimbiri. Ena Clifton anachita kuwadula ndi sowo. Pa benchi pomwepo panali bambo wina wa kabaza, a Norman, amene ankadikira kuti amumatire chubu. Iwo maso awo sanali pa malimu. Anatambasula dzanja n'kuliza belu lija, ndipo anthu a mabenchi oyandikana anatembenuka. A Norman anati iwo amanyamula anthu ku Area 47, ndipo kabelu kawo ka chitini sikamveka kwa oyendetsa magalimoto otseka mawindo. Belu ngati ili akanalipeza akanagona tulo.

Mawilo ofiira atalowa, njinga inasintha nkhope. Chitemwa anagwira mahandulo mosangalala, ndipo zala zake zinafinya mabuleki mwachizolowezi. Chitsulo cha buleki chinabwera mpaka kugunda handulo. Njinga inapitirira kuyenda. Anawerama n'kuyang'ana: malabala ankakwera m'mwamba n'kugwira mphepo, chifukwa limu lopyapyalalo linalibe mimba yoti agwirepo.

"Achimwene, mabuleki sakugwira," anatero.

"Amenewo ndi achikale, sisi, tingowachotsa," anayankha Clifton. "Mukapeza ndalama ina mudzabwere tidzaike a nthambo. Panopa muziyenda pang'onopang'ono. Anthu ambiri m'tauni muno amaima ndi phazi."

A Norman anavomereza, ndipo pofuna kumulimbitsa mtima anavula nsapato n'kumuonetsa kunsi kwake. Panali ngalande yakuya imene tayala linakumba poimitsa njinga ndi phazi, moti chala chinkatulukira mbali inayo. Anaseka, nati nsapato imeneyi yawapulumutsa kambirimbiri, kupatula tsiku limodzi lokha la mvula.

Chitemwa sanaseke. Anayang'ana nsapatoyo, nayang'ana nsapato zake za kusukulu, ndipo anakumbukira mtsetse wa ku Lingadzi ndi malole amene amatsika nawo m'mawa. Anakumbukiranso kuti madzulo njingayi ikumana ndi manja a bambo ake, ndipo manja saona utoto.

"Bwezeretsani mawilo akale aja," anatero.

5. Mtengo wa kusintha maganizo

Clifton sanakwiye. Anangomuuza lamulo la pamsikapo, loti sipanala ikagwira nati, ntchito yayamba, ndipo ntchito imalipiridwa. Kuchotsa mawilo inali ntchito, kuika ofiira inali ntchito, kuwachotsanso n'kubwezeretsa akale inalinso ntchito. Manati amene anadulidwa aja ankafunika atsopano. A mabenchi oyandikana anavomereza kuti ndi mmene zimakhalira. Palibe amene anakakamiza Chitemwa kuvomera malimu ofiira.

Analipira. Ndi zotsalazo anayamba kugula monga anauzidwira, ndipo tsopano mawu onse a pakhonde anabwerera m'mutu mwake mwadongosolo. Anatsina malabala ndi chikhadabo, nakana awiri ouma, natenga anayi ofewa. Anakana matayala onunkha pulasitiki ngakhale Clifton anawatsitsa mtengo. Anapinda apakati aja m'mbali n'kuwayang'ana padzuwa. Anatenga machubu awiri, tcheni ndi kachitini ka girizi, ndipo anaimirira pomwepo mpaka malimu akale atapalidwa ndi kuwongoledwa.

Ndalama zinathera pa tayala lakumbuyo. Lakutsogolo linatsala lakale lija, long'ambika m'mbali moti ulusi unkaonekera. Ndalama zimene zikanagula tayala limenelo ndi zomwe zinapita ku ntchito ya malimu ofiira.

Anapempha kuti atenge pangongole, koma Clifton anati samudziwa kumene amakhala. Anaganiza zoimbira mayi ake, koma anadziwa yankho lake. Tayala lakalelo bambo ake akanalizindikira ndi chala chimodzi, ndipo Lolemba likanamupeza m'basi ya ku Rumphi.

Apa ndi pamene a Norman anatsokomola. Anati iwo agula tayalalo, lapakati lomwelo, ngati mtsikanayo awapatsa belu.

Chitemwa anaika dzanja pa belulo. Linali lotentha ndi dzuwa. Pamwamba pake panali posalala, pamene chala chachikulu cha bambo ake chinadya mkuwa kwa zaka zonse zija. Anafunsa ngati angatenge china, keliyala kapena pampu, koma a Norman anati zimenezo ali nazo. Mtima unamuwawa kwambiri. Komabe belu silikanamusunga pakhomo, tayala ndiye likanatero.

Anapempha sikuludiraiva n'kulimasula yekha. Pa handulo panatsala mzere woyera, wopanda dzimbiri.

6. Manja a adada

Anabwerera atakwera. Njinga inkayenda mwakachetechete, ndipo paliponse pamene wafinya mabuleki inkaima nthawi yomweyo. Dzuwa linali litapendeka pamene anafika pangodya ya msewu wa kwawo. Chala chake chinapita chokha pa handulo, n'kupeza palibe kanthu.

A Kenani anali pa mpando wawo, nkhope italoza kugeti. Sanamve kuti wafika mpaka pamene anawapatsa moni, ndipo anadzidzimuka pang'ono. A Alinesi anatuluka m'nyumba n'kuima pakhomo atapinda manja.

Kuyesa kunayambira pansi. A Kenani anatsina malabala onse anayi. Anazunguza wilo lililonse atagunditsa chala pa limu kuti amve ngati likuyenda mokhota. Ananunkhiza tayala, nalipinda m'mbali, nakoka tcheni. Kenako anaimirira, nagwira mahandulo, nauza Chitemwa kuti akoke njingayo ndi mphamvu zake zonse iwo atafinya mabuleki. Njinga sinasunthe.

"Mayi a Chitemwa," anatero, "muwaimbire a Sophia. Muwathokoze, koma mwana sakubwera."

A Alinesi anapumira m'mwamba n'kulowa m'nyumba kukafuna foni. Iwonso sankafuna kuti mwana apite, kungoti wina pakhomopo ankayenera kuuma mtima.

A Kenani anali akumwetulira pamene chala chawo chachikulu chinatsetsereka pa handulo kupita pamalo pake pa masiku onse. Chinafufuza kutsogolo, chinafufuza kumbuyo. Chinaima pa mzere wosalala uja.

Chitemwa sanadikire kufunsidwa. Anafotokoza zonse, za mkuyu wodulidwa, za a Chikaonda, za malimu ofiira, za nsapato ya a Norman ndi za tayala lakutsogolo. Sanamunamizire Clifton. Anati wolakwa ndi iye, chifukwa anauzidwa ndipo anamva.

Bambo ake anakhala pansi pang'onopang'ono. Dzanja lawo linali likadali pa handulo.

"Unalakwa pakati, koma pomaliza wasankha bwino," anatero. "Tayala ndi lofunika kuposa belu, ndipo ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi. Uphunzirepo kuti kumsika kusintha maganizo kumagulidwa. Ufunse mafunso ako onse sipanala isanagwire nati, osati pambuyo pake. Ndipo pamsewu, popeza ulibe belu, uzichenjeza anthu ndi pakamwa, usachite manyazi."

Kenako mawu awo anatsika.

"Kungoti ine ndimati Lolemba madzulo ndidzakhala pompano. Ndimati ndidzamvetsere pangodya paja, monga unkandimvetserera iwe ku Area 11."

Chitemwa anagwada pambali pa mpandowo n'kuika mutu pa bondo lawo. Misozi inanyowetsa buluku, ndipo bambo ake anamusisita m'mutu. Anali atapambana, sakupitanso ku Rumphi, koma chisangalalo chinakana kubwera.

Ali chomwecho, kunja kwa mpanda kunamveka belu. Linalira kawiri, mawu okhuthala, amkuwa, kuchokera pangodya penipeni.

A Kenani anaimirira asanaganize, nkhope yonse itawala, dzanja litatambasukira kugeti. Kenako anakumbukira, ndipo dzanjalo linatsika pang'onopang'ono.

Chitemwa anaiona nkhope imeneyo. Anapukuta maso ndi mkono, nakankha njinga mpaka kugeti. Kumapeto kwa msewu, kabaza wa nsapato yobooka anali akukhota ndi pasinjala wake kulowera ku siteji. M'thumba mwa Chitemwa munalibe ngakhale kakobidi koti akawapatse a Norman, ndipo sankadziwa kuti akawauza chiyani. Anaponda pedulo n'kuwatsatira.